Botolo lojambula ng'ombe: mmene mungayankhire m'bale amene wamva kuti ivermectin amachiza Covid-19

Ndili ndi kashopu ka zipangizo za ulimi kuno ku Salima, chakufupi ndi Kamuzu Road. Ndimagulitsa mbewu, mankhwala a anankafumbwe, a mbozi ndi a ziweto. Pa shelefu ya kumanzere, pamwamba pa mankhwala a nkhupakupa, pamakhala mabotolo a ivermectin wobaya, a 50 ml ndi a 100 ml, katoni yake yojambula ng'ombe, nkhosa ndi nkhumba. Ogula ake ndimawadziwa akamatulukira patali: alimi a mbuzi a ku Chipoka ndi ku Khombedza, anyamata oweta nkhumba zikagwidwa mphere, nthawi zina alangizi a ziweto. Amafika ndi matope m'miyendo, amanenerera mtengo, amapita.

Mu Januwale 2021 kunayamba kubwera ogula a mtundu wina, anthu opisira malaya, nsapato zowala pakati pa dzinja, osanenerera n'komwe. Mukukumbukira mmene mwezi umenewo unalili. Pa 12 Januwale tinamva pa wailesi kuti nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zamwalira tsiku limodzi ndi Covid-19, ndipo a Pulezidenti Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Bwalo la mpira la Bingu ku Lilongwe linasanduka chipatala. Katemera anali asanafike, anadzabwera mu Malichi. Ukangotsokomola mu minibasi, onse amakucheukira.

Tsiku lina bambo wina atalipira anafika pakhomo, n'kubwerera, n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Mayi, nanga munthu wa makilo 70 angamwe mamililita angati?" Ndinawabwezera ndalama yawo, botolo n'kulibwezera pa shelefu. Koma mtima unangoti myuu, chifukwa sabata imeneyo ndinali nditagulitsa kale mabotolo 7 osafunsa funso ngakhale limodzi. Limodzi la mabotolowo ndinakalipeza Loweruka lake kwa atsibweni anga ku Lifuwu, lili pa zenera kuseli kwa chitini cha shuga, mtengo wake pa katoni uli wolembedwa ndi dzanja langa.

Mliri uja unazizira. Bungwe la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sililinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse. Koma mauthenga aja onena kuti ivermectin amachiza Covid-19 sanafe. Chimfine chikangovuta mu Juni, amadzukanso m'mafoni, ndipo mliri wina ukadzabwera udzabwera ndi mankhwala ake a m'manong'onong'o. Ndiye ndalemba mmene ine ndimachitira tsopano m'bale akandibweretsera nkhaniyi, poti ndinaphunzira nditapsa.

Musanayambe kutsutsana ndi aliyense, funsani kaye kuti, "Kodi pakhomo pali amene akudwala?" Munthu safunsa za mankhwala popanda chifukwa, wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Akati alipo, mtsutso wonse uikeni pambali, mupite mukamuone wodwalayo ndi maso anu. Ine nditatsika kabaza kwa atsibweni ndinawapeza atakhala pa mkeka pakhonde, atatsamira khoma, bulangete lonunkha masamba a bulugamu lili m'mapewa. Ndinagwada n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, atsibweni?" Iwo anati, "Ndaswera... mwanangu... kaya..." Moni wa mawu ochepa chabe anaudula katatu kuti akoke mpweya. Akazi awo anati akupezako bwino poti thupi lasiya kutentha. Anali atadwala kuyambira Lolemba, ndipo kuyambira Lachitatu mdzukulu wawo amawathirira mankhwala a m'botolo muja mu tiyi, potsatira uthenga wa mawu umene achimwene anga anatumiza kuchokera ku Joni.

Chimene ndinachita pamenepo ndi chimene nanunso muchite. Tengani foni, muyang'ane nthawi, muwerenge kuti chifuwa cha wodwala chikukwera kangati pa mphindi imodzi, iye asakudziwa kuti mukuwerenga. Munthu wamkulu wabwinobwino atakhala pansi amapuma ka 12 mpaka 20. Kupitirira 30 ndiye kuti matenda akula, ndipo musadikire kuti afike pamenepo. Atsibweni ndinawawerenga 34. Onaninso ngati akutha kumaliza chiganizo osapumira, ngati milomo kapena m'kati mwa zikope mwatuwa, ngati akudandaula m'chifuwa, ngati akusokoneza mawu kapena akuvuta kudzutsa. Chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira kusaka galimoto nthawi yomweyo. Covid-19 amakonda kutembenuka kumapeto kwa sabata yoyamba kulowa yachiwiri, nthawi imene a pakhomo ayamba kumasuka poona kuti kutentha kwatsika. Okalamba, a shuga, a BP, a mphumu ndi amene anasiya kumwa ma ARV ndiwo osawasekerera. Ndiponso kuno kunyanja, kutentha thupi kulikonse m'dzinja kumafuna kuyezetsa malungo tsiku lomwelo. Mutha kulimbana ndi kachilombo ka pa foni chonsecho munthu akutha ndi malungo amene LA akanawachiza m'masiku atatu. Mukasowa wofunsa, Chipatala cha pa Foni chilipo pa 929.

Ngati wamwa kale a ziweto, musamukalipire panthawiyo, ndipo musamusanzitse ndi chala kapena madzi a mchere. Musakhulupirire kuti mkaka usukulutsa. Nyamulani botolo ndi katoni yake mupite nazo kuchipatala, mukanene zoona: anayamba liti, amamwa wochuluka bwanji, komaliza anamwa nthawi yanji, ndi mankhwala ena onse amene amamwa. Ivermectin akachuluka m'thupi amabweretsa nseru, kusanza, kutsegula m'mimba, chizungulire, kuona mwachimbuuzi ndi kutsika kwa magazi, ndipo akapyola muyeso kwambiri munthu amasokonezeka mutu, kugwa ngati wakhunyu, ngakhale kukomoka. Atsibweni anali akusanza kuyambira Lachinayi, akudzandira popita kuchimbudzi, ndipo a pakhomo amati ndiye kuti matenda akutuluka. Ine ndinalowa ndi botolo lija m'manja mpaka kwa adokotala, ndinanenanso kuti linachokera mu shopu yanga. Anawagoneka, anawaika pa mpweya wa okosijeni, anakhalamo masiku 9, natuluka ali moyo.

Wodwala akakhala kuti ali m'manja abwino, kapena ngati panalibe wodwala n'komwe, apo mpamene nkhani ya mankhwalawo ingayambike. Langizo langa lalikulu ndi ili: musawanyoze mankhwalawo. Ambiri amene amatsutsa amayamba ndi mawu akuti "amenewo ndi a ng'ombe", ndipo pomwepo aluza, chifukwa m'bale wanuyo akudziwa kuti si zoona zonse. Mwina anawamwapo yekha. Ine ndinawagawapo ndi manja angawa. Zaka za pakati pa 2009 ndi 2014, boma likulimbana ndi matenda otupa miyendo aja a mntchetcha, amenenso amabweretsa phudzi kwa abambo, alangizi a zaumoyo anandisankha kukhala mmodzi wa ogawa mankhwala m'mudzi mwathu. Tinali ndi ndodo yoyezera msinkhu yokhala ndi zizindikiro. Munthu amavula nsapato, kuima moongoka, ife n'kuona pamene mutu wafika: m'bulu umodzi, iwiri, itatu kapena inayi ya ivermectin, timibulu ting'onoting'ono toyera ta 3 mg, kuphatikiza umodzi wa albendazole. Mwana wosafika masentimita 90 sitimamupatsa. Mayi woyembekezera ayi, mayi amene wangobereka kumene ayi, wodwala kwambiri ayi. Kamodzi pa chaka, basi. Mu 2020 WHO inavomereza kuti Malawi wathetsa mntchetcha ngati vuto la dziko. Ku Thyolo, Mulanje, Mwanza ndi maboma ena a kummwera, mankhwala omwewa agwira ntchito zaka zambiri pa matenda aja oyabwa thupi ndi kuchititsa khungu, ofalitsidwa ndi tintchentche takuda ta m'mitsinje yothamanga.

Mbiri yake njokoma kuifotokoza. Katswiri wa ku Japan, Satoshi Ōmura, anapeza tizilombo ta m'dothi timene timatulutsa mankhwala ophera nyongolotsi, ndipo William Campbell ndi anzake ku kampani ya Merck ku America anawakonza mpaka kukhala ivermectin. Anayamba pa ziweto mu 1981, pa anthu mu 1987, ndipo kampaniyo inayamba kuwapereka ulere ku maiko amene kuli matenda a khungu aja. Mu 2015 awiriwa analandira mphoto ya Nobel, anagawana ndi mayi wa ku China, Tu Youyou, amene anapeza artemisinin, gwero la LA wathu wa malungoyu. Mukanena zimenezi poyamba, m'bale wanu amaona kuti simunabwere kudzamupusitsa, ndipo khutu lake limatseguka.

Kenako mufunseni modekha: mankhwalawa amapha bwanji? Amaumitsa minyewa ndi minofu ya nyongolotsi, nsabwe ndi tizilombo ta mphere, mpaka sitithanso kuyenda kapena kudya. Kachilombo ka Covid-19 kalibe minyewa, kalibe minofu, kalibe pakamwa. Kamalowa m'maselo a thupi lathu n'kumachulukana m'menemo. Kwa anthu a kuno ndimapereka chitsanzo cha likodzo, lomwe aliyense wa ku Senga Bay, ku Lifuwu ngakhale ku Nkhotakota amalidziwa. Likodzo ndi nyongolotsi ndithu, koma ivermectin salichiza. Limafuna praziquantel, mibulu ikuluikulu yowawa ija imene ana amamwa kusukulu atadya kaye phala. Ngati pakati pa nyongolotsi zokhazokha mankhwala amasankha, kuli bwanji kachilombo ka mtundu wina kotheratu? Komabe izi pazokha sizitseka nkhani, ndipo ndimavomera kutero. Alipo mankhwala amene anapangidwira matenda ena n'kudzapezeka akuthandizanso kwina. N'chifukwa chake akatswiri sanangokana, anayesa.

Apa ndiye pamene pagona nkhani, ndipo mafunso ake ndi awiri: anayesera pa chiyani, ndipo anafanizira ndi ndani?

Phokoso lonse linayamba mu Epulo 2020, pamene akatswiri a ku Monash University ku Australia anathira ivermectin pa kachilomboka mu labotale. Sanali anthu, anali maselo ochokera ku impso ya nyama ya mtundu wa pusi, osungidwa m'timbale. Pa maola 48 kachilombo kanachepa kwambiri, pafupifupi ka 5,000. Zinali zoona. Koma mlingo umene anathira m'timbalemo unkaposa ka makumi angapo mlingo umene umafika m'magazi a munthu akamwa mibulu yovomerezeka. Ine ndimauza alimi anga chonchi: mbozi mukaiika m'kapu n'kuithira mankhwala osasungunula, ifa ndithu, koma mlingo umenewo mukaupopera m'munda, chimanga chipsa. Chochitika m'kambale ndi poyambira kufufuza chabe.

Pambuyo pake kunatuluka makafukufuku ang'onoang'ono ambiri ochokera m'maiko osiyanasiyana, ena a anthu makumi ochepa, ena osakonzedwa bwino. Amene anamveka kwambiri anali wa ku Egypt, wa kumapeto kwa 2020, amene ananena kuti imfa zinatsika ndi pafupifupi 90 pa 100. Ndi ameneyu amene achimwene ankanditumizira mobwerezabwereza. Mu Julayi 2021 anachotsedwa pamene anaikidwa, anthu ena ataunika mndandanda wa odwala ake n'kupeza kuti mizere yambiri inali yobwereza, ndipo odwala ena analembedwa kuti anamwalira kafukufukuyo asanayambe n'komwe. Atamuchotsa ameneyu pa chiwerengero, phindu lalikulu lija linasungunuka. Koma uthenga wochotsawo sunayende m'mafoni ngati mmene unayendera woyamba uja.

Funso loti anafanizira ndi ndani ndimalifotokoza ndi nkhani ya atsibweni omwewo. Atatuluka m'chipatala, achimwene anaimba foni ali ndi chimwemwe, n'kunena kuti, "Mwaona achemwali? Akanapanda kumwa aja, bwenzi titaika maliro." Ndinawayankha kuti, "Achimwene, atsibweni amwa tiyi, afukiza bulugamu, amwa jinja ndi mandimu, amwa a m'botolo, apempheredwa, alandira okosijeni masiku 9. Mwa zonsezi mwasankha bwanji chimodzi?" Anthu pafupifupi 8 mwa 10 alionse amene anagwidwa ndi Covid-19 sanafike podwala kwambiri, anachira ndi chisamaliro cha pakhomo. Choncho chilichonse chimene munthu anamwa m'masiku amenewo chimatenga ulemu. Umboni wa munthu mmodzi, ngakhale akhale m'busa kapena dokotala wa pa kanema, sungasiyanitse. Mlimi aliyense amadziwa njira yake: ukafuna kuona ngati feteleza watsopano ali ndi mphamvu, umagawa munda umodzi pawiri, mbewu imodzi, mvula imodzi, mbali ina kuthira, ina osathira, n'kudzawerenga matumba pokolola. Pa anthu amachitanso chimodzimodzi. Amatenga odwala ambiri, kuwagawa mwamaere, ena kuwapatsa mankhwala enieni, ena m'bulu wofanana nawo koma wopanda kanthu, wodwala ndi dokotala onse osadziwa kuti wamwa uti.

Zimenezi zinachitika, ndipo si kamodzi. Ku Colombia anayesa pa anthu pafupifupi 400, zotsatira zinatuluka mu Malichi 2021. Ku Malaysia anayesa pa anthu 490 a zaka 50 kupita m'tsogolo amene anali ndi matenda ena. Ku Brazil kafukufuku wotchedwa TOGETHER anatenga odwala 1,358, zotsatira zake zinatuluka mu Malichi 2022. Ku America wotchedwa ACTIV-6 anayesa pa anthu oposa 1,500, ndipo anthu atadandaula kuti mlingo unachepa, anabwerezanso ndi mlingo wokulirapo kwa masiku 6. Konseku sanapeze kuti ivermectin amachepetsa kugonekedwa m'chipatala kapena imfa. Ku Britain, kafukufuku wa PRINCIPLE anapeza kuti omwa ivermectin ankanena kuti apeza bwino masiku pafupifupi awiri msanga, koma kumeneko odwala ankadziwa chimene amwa, ndipo pa kugonekedwa ndi imfa panalibe kusiyana. Ndimanena ndi zimenezi zomwe, osabisa, chifukwa m'bale wanu akadzazipeza yekha inu mutazibisa, sadzakukhulupiriraninso. WHO inali italangiza kale mu Malichi 2021 kuti ivermectin asaperekedwe pa Covid-19 kupatula m'kafukufuku, ndipo zotsatira zinadzabwera pambuyozi sizinasinthe langizolo.

Amene ali ndi abale ku Joni konzekerani mawu akuti "kuno boma linalola". Nzoona mbali ina. Mu Januwale 2021 bungwe loona za mankhwala ku South Africa, SAHPRA, linalola madokotala kupereka ivermectin mwa chilolezo chapadera, anthu atakakamiza kwambiri komanso poona kuti ambiri ayamba kumwa a ziweto. Koma bungwe lomwelo linatseka chilolezocho mu Meyi 2022, ponena kuti umboni woti amathandiza palibe. Theka lachiwirili ndi limene silifika kumudzi.

Ndiye pali mtsutso uja umene umagwira mtima kwambiri, woti azungu akubisa mankhwala otchipa kuti agulitse katemera ndi mankhwala odula. Musauseke. Ife amene tinaona abale athu akutha ndi Edzi m'zaka za m'ma 1990, ma ARV alipo kunja koma mtengo wake wosafikirika, tili ndi chifukwa chokayikira makampani a mankhwala. Kampani ya Merck itanena mu Febuluwale 2021 kuti palibe umboni woti ivermectin amathandiza pa Covid-19, achimwene anati, "Nanga si akupanga awo atsopano oti agulitse?" Ndipo inalidi ikukonza mankhwala ena a Covid-19 otchedwa molnupiravir. Choncho ine sinditsamira pa mawu a kampani. Ndimatsamira pa dexamethasone. Amenewa ndi mankhwala akalekale, otchipa, opezeka ngakhale m'zipatala zathu za boma. Mu Juni 2020 kafukufuku wa RECOVERY wa ku Oxford anapeza kuti amapulumutsa odwala Covid-19 amene afika pofuna okosijeni. Mwa amene anali pa makina opumira, imfa zinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Palibe anabisa. Dziko lonse linayamba kuwagwiritsa ntchito nthawi yomweyo, ndipo ndi amene atsibweni anga ankalandira ali pa bedi. Yunivesite ya Oxford yomweyo ndi imene inayendetsa PRINCIPLE. Anthu amene anakweza mankhwala otchipa awa atawaona akugwira, akanabisiranji otchipa enawo akanakhala kuti agwira? Koma chonde musathamangire kukagula dexamethasone. Kwa munthu amene sanafike pofuna okosijeni sathandiza, amatha kuvulaza, ndipo amakweza shuga. Ndi a dokotala amenewo.

Pali kanthu kamodzi kamene ndimawapatsa a mbali inayo, chifukwa n'koona ndipo kakutikhudza ife a m'maiko otentha. Kuli kanyongolotsi kotchedwa Strongyloides, kamene kamalowa pa khungu la kuphazi munthu akamayenda wopanda nsapato pa dothi loipitsidwa. Kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri mwakachetechete. Munthu wotero akapatsidwa mankhwala a mtundu wa dexamethasone, chitetezo chimatsika, kanyongolotsiko kamachulukana n'kufalikira thupi lonse, mpaka kupha. Mankhwala ake enieni a kanyongolotsi kameneka ndi ivermectin. Akatswiri ena mu 2022 anaona kuti makafukufuku amene anaonetsa phindu anali ambiri a m'madera amene kanyongolotsika n'kofala. Ndiye kutheka kuti odwala ena anathandizikadi, koma chimene chinafa ndi nyongolotsi, osati kachilombo ka Covid-19. Dokotala akalemba ivermectin wa anthu pa chifukwa chimenechi, kapena pa mphere yovuta, imwani mosakayika, mugule ku famase yovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, mlingo wake ukhale umene walembedwa.

Za botolo la ziweto ndiye sindinyengerera, ngakhale wofunsayo akhale mfumu. Madzi a m'botolo muja anapangidwa kuti abayidwe pansi pa chikopa cha nyama, mililita imodzi kukwanira ng'ombe ya makilo 50. Mu mililita imodzi yokhayo muli 10 mg, kuposa timibulu titatu tija. Tangoganizani munthu akuyezera ndi supuni ya tiyi, m'mawa ndi madzulo, masiku anayi. Zosungunulira zake sizinakonzedwere mimba ya munthu. Mabotolo ena ndi osakaniza ndi mankhwala achiwiri, clorsulon, ophera nyongolotsi za m'chiwindi zimene ng'ombe zimatola m'madambo a kunyanja kuno. Katoni imaoneka yofanana, kusiyana kwake ndi liwu limodzi laling'ono limene mdzukulu wotumidwa sangalione. Pa katoni yomweyo amalemba masiku oti adutse nyama yobayidwa isanaphedwe kuti idyedwe. Ngati opanga ake akutiletsa kudya nyama imene ili ndi zotsalira chabe, nanga kumwa mankhwala enieniwo?

Kwa anzanga ogulitsa mankhwala a ziweto, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Benga ndi ku Dwangwa, ndikupemphani muzifunsa. Ine masiku ano wogula ivermectin aliyense ndimamufunsa kuti ndi za ziweto zanji, zilipo zingati, zikuonetsa zizindikiro zanji, abaya ndani. Mlimi weniweni amayankha asanaganize, amakuuza ndi mtundu wa mbuzi yake yomwe. Wofunira munthu amadodoma, amayang'ana pa foni. Mdzukulu wa atsibweni uja atabwera kudzagula botolo Lachitatu lija anangoti, "Anti, agogo akuti muwapatse a mphere ya mbuzi." Ndikanafunsa kuti mbuzi zingati zadwala, bwenzi nditadziwa tsiku lomwelo kuti wodwala ndi agogo akewo, ndipo akanafika kuchipatala masiku atatu msanga. Zimenezi zimandiwawabe. Wotero musangomubweza chimanjamanja, mufunseni za wodwalayo, mumuuze zoti akaone pa kapumidwe.

Tsono kalankhulidwe. Munthu wamkulu sumutsutsa pagulu, ndipo gulu la banja la pa WhatsApp ndi bwalo ndithu, pali azilamu, apongozi ndi adzukulu. Mukamuyankha pamenepo kuti zimenezo n'zabodza, ateteza ulemu wake, osati mankhwalawo, ndipo sadzabwereranso m'mbuyo. Ine ndinalakwa pamenepa ndi achimwene, tinakhala miyezi iwiri osalankhulana. Muimbireni payekha. Yambani ndi kuthokoza kuti amaganizira banja, chifukwa n'zoona: achimwene anatumiza uthenga uja ali ndi mantha, ali kutali, anzawo a ku Malawi akufa m'zipatala za ku Johannesburg, alibe china chimene akanachitira atsibweni awo. Mufunseni mafunso m'malo momuuza mayankho. Mumusiyire khomo lotulukira, monga kunena kuti nthawi imeneyo tonse sitinkadziwa, zotsatira zinabwera pambuyo. Musayembekezere kuti anena kuti "ndinalakwa". Achimwene sananenepo mpaka lero. Koma mu Julayi 2021, mliri utabweranso kachitatu, anatumiza ndalama ya thiransipoti kuti amayi akabayitse katemera, ndipo za ivermectin sanazitchulenso.

Kwa achikulire ndimadzera ku klorokwini. Onse amamukumbukira, kuwawa kwake ndi kuyabwa kwake. Anali mankhwala a malungo odalirika kwa zaka zambiri. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga Fansidar, madokotala athu atawerenga ana amene amamwa koma osachira. Mu 2007 Fansidar nayenso anapatsa malo LA pa chifukwa chomwecho. Ndinawafunsa atsibweni tsiku lina tili pa khonde lomwe lija kuti, "Atsibweni, paja klorokwini tinamusiya chifukwa anali woipa?" Anati, "Ayi, anangosiya kugwira." Ndinati, "Anadziwa bwanji kuti wasiya?" Anakhala chete kanthawi, n'kunena kuti, "Anawerenga." Ndinawauza kuti ndi a m'botolo muja anawerenganso, m'maiko asanu, anthu masauzande. Anangogwedeza mutu, n'kuitana mdzukulu kuti abweretse mpunga wa Kilombero woti ndinyamule.

Chaka chatha mbuzi zawo zinagwidwadi mphere, ubweya kuthothoka m'makutu ndi m'khosi, zikungodzikhula ku mitengo ya khola. Ndinapita ndi alangizi a ziweto, botolo la 50 ml lili m'chikwama. Atsibweni anagwira tonde wawo nyanga, alangizi anatsina chikopa cha pakhosi n'kubaya. Atsibweni anayang'ana katoni ija nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Ndi omwe aja, mwanangu?" Ndinati, "Omwewo, atsibweni." Alangizi anawawerengera masiku a pa katoni n'kuwauza kuti tondeyo asaphedwe asanakwane. Atsibweni anawerenga pa zala, n'kupeza kuti chinkhoswe cha mdzukulu wawo chigwera m'kati mwa masikuwo, ndiye anatuma mnyamata kuti akafunse mtengo wa mbuzi ina kwa aneba.